Ndikufuna ababa amve moni wanga ndi jazi pa wailesi Khirisimasi ino

Wakuluchenza, 8 Disembala

Moni nonse apabwalo. Nkhani yanga ioneka ngati yachibwana koma ikundidya mutu. Ndili kuno ku Manchester, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, ndimagwira ya usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Ababa ali kumudzi kufupi ndi Luchenza, anakwanitsa zaka 81 mu Okutobala. Khirisimasi iliyonse ndimatumiza ya mpunga, nkhuku ndi kreti ya Fanta, ana anga n'kuimba kanyimbo pa WhatsApp, mlongo wanga n'kuwaikira foni kukhutu. Chaka chatha atamvetsera anangoti, "Zikomo mwana wanga. Komatu moni wa pafoni amaumva ndi munthu mmodzi. Wa pa wailesi amaumva ndi amfumu omwe." Ndinaseka nawo, koma mawu amenewo sanandichokebe.

Kuti mumvetse, ndiyambire kutali pang'ono. Ababa anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Chuma chawo chachikulu, kuposa njinga, chinali wailesi ya Supersonic, zija zinkachokera ku Bulawayo, ndipo waya wake anaukokera kumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Tikadya nsima yamadzulo, amayi akamakwecha mapoto, iwo ankakhala pampando wandalema n'kuyamba kupotoza kachitsulo pa shortwave pang'onopang'ono. Ankadutsa Chipwitikizi cha ku Mozambique, ankadutsa kulira kuja kokhala ngati nkhululu, mpaka atapeza Voice of America. Kumeneko kunali bambo wina, Willis Conover, wa mawu okhuthala, wolankhula mosathamanga ngati akuwerengera agogo kalata. Pologalamu yake inkatsegulidwa ndi Take the A Train ya gulu la Duke Ellington. Piyano ija ikangoti ngwe ngwe, ababa ankakweza chala kuti aliyense atseke pakamwa. Voliyumu ankaiika pansi kwambiri. Anali masiku a Ngwazi, ndipo munthu wodutsa panja akamva Chingerezi cha kunja usiku sangadziwe kuti ndi malipenga chabe.

Ndiye Khirisimasi ya 1986, ine ndili ndi zaka khumi. Ababa analemba positikhadi mu Novembala, ine ndi amene ndinakaiponya ku positi ofesi ya pa Luchenza. Ankapereka moni kwa achimwene awo omwe ankagwira ntchito ya nzimbe ku Nchalo, kwa apongozi awo ku Mulanje, ndi kwa ife a m'nyumba. Pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti awaikire nyimbo ya jazi. Mabatire atsopano anawabisa m'sutikesi pansi pa jekete laukwati kudikira tsikulo, ife mwezi wonse tikumvera ndi akale omwe tinkawayanika padenga, kuwathawitsa mvula ikamabwera. Pa 25 masana, mpunga tadya, moni uja unawerengedwadi. Dzina langa linamveka, ndipo anawonjezera kuti ndakhoza kupita Sitandade 5. Sabata yonse anthu pachigayo ankandiloza. Koma nyimbo anaika ya kwaya. Ababa anangoti, "Chaka chamawa." Analembanso zaka zingapo, moni unkawerengedwa zaka zina, jazi yekha ayi.

Kuno kuntchito kuli mdala wina wachizungu amene salola kuti aphonye Jazz Record Requests ya BBC Radio 3, pologalamu yomwe inayamba mu 1964 ndipo anthu amalemberabe kupempha nyimbo, ena kukumbukira akazi awo omwe anamwalira. Ndikamamutsegulira ndimaona ababa enieni, mpaka chala chija. Ndinaganizapo zolembera kumeneko, koma ndani pa Luchenza angamve?

Funso langa ndi ili: alipo pano amene anatumizapo moni ku wailesi ya kumudzi ali kunja, n'kupempha nyimbo yomwe si ya masiku ano, n'kutheka? Munadzera njira yanji? Ndikufuna moni ndi jazi zituluke limodzi, pa wailesi yeniyeni, ababa akadali ndi makutu.

Gogo Babatoni, 8 Disembala

Mwana wanga, nkhani yako yandikhudza, koma ndikufunse kaye: jazi wake uti? Ine ndine wa ku Chileka, ndipo kwathu kuno tikati jazi sitinkanena za azungu ovala mataye. Jazz band anali anyamata anayi kapena asanu, banjo yopanga ndi chigubu cha oilo, ng'oma ya chikopa cha mbuzi yopondera ndi phazi, zitsekerero za mabotolo zobooledwa pakati, ndi babatoni wa chingwe chimodzi woti womuimba amachita kumukhalira. Pa Khirisimasi ankayenda mudzi ndi mudzi, tikuwaponyera ma tambala, fumbi kapena matope zilibe kanthu.

A Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo Donald anali a kwathu konkuno kwa Singano. Kwela ija ya chitoliro anaitola ali ana ku Salisbury (pano Harare) komwe bambo awo ankagwira ntchito, n'kudzaisakaniza ndi zakwathu. Mzungu wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mu Blantyre mu 1967, ndipo mapeto ake anakaimba mpaka ku Ulaya. A Daniel anatisiya mu 1987, a Donald mu 2001. Ndiye kwanu ku Thyolo komweko kunali a Alan Namoko, osaona, ndi gulu lawo la Chimvu Jazz. Dzina lake ukulimva? Jazz. Chimbale chawo chinatuluka ku Mangalande komwe uliko mu 1992, iwo n'kumwalira mu 1995.

Chimene ndikunena n'chakuti ukalemba kuti "mundiikire jazi" osatchula dzina la nyimbo, muulutsi wamkulu akuikira Namoko, wachinyamata akuikira kaya chiyani cha saxophone cha m'mahotela. Mwinanso mu 1986 muja anthu aja anangosokonezeka, n'kuthawira ku kwaya poti kwaya silakwa pa Khirisimasi. Afunse bambo akowo. Ukhoza kudabwa kuti pa zaka 81 mtima wawo ukufuna banjo ya kwawo, osati piyano ya ku America.

Telala wa ku Mayfair, 9 Disembala

Achimwene, agogowo anena zoona, koma ine ndikupatsani nzeru ya pakatikati. Kuno ku Joni jazi si wa anthu ochepa ngati kwathu. Lamlungu ukadutsa m'malokeshoni upeza madala atulutsa masipika panja, nsapato zopukutidwa bwino, wina akuvina yekha pakati anzake akumuombera m'manja. Ali ndi magulu awo omvera jazi, amasonkha ndalama ngati chipereganyu. Ine pa shopu ndimasiya Kaya 959 kuti izilira, makamaka mwezi uno pamene ndikusoka madiresi a Khirisimasi mpaka pakati pa usiku. Anzathu onse akukwera mabasi a ku Blantyre ndi katundu wofika kudenga, ife otsala timangomvera malipenga.

Nzeru yanga ndi iyi: pemphani jazi amene muulutsi wa kumudzi ali naye kale ndipo sangachite naye manyazi. Wambali Mkandawire, Zani Muwone ya 2002 ija, wailesi iliyonse ya ku Malawi ili nayo. Kapena Erik Paliani, mwana wa kwathu yemwe anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola mu 2009. Ngati mukufuna Masekela weniweni, pali Stimela, yomwe imatchula Malawi pakati pa maiko omwe sitima inkatengako anthu opita kumigodi. Malume anga anali a Wenela, akaimva ankangoti chete kuyang'ana pansi. Koma ija si ya pa Khirisimasi, ingakulizeni mudzi wonse.

Januwale ndi mwezi woipa kwa ife okonda nyimbo zimenezi. Masekela anapita pa 23 Januwale 2018, Jonas Gwangwa pa 23 Januwale pomwepo mu 2021, Wambali patangotha sabata, pa 31. Ndiye ine ndimati muwaikire madala nyimbo zawo mu Disembala momwemu, osadikira.

Mfana wa Ndix, 9 Disembala

Biggy mukuvutikiranji? Jambulani mawu anu ngati ndinu DJ, muike kanyimbo kanuko kumapeto, sisteri wanu alumikize pa ka Bluetooth sipika abise kuseri kwa wailesi. Madala sangatulukire. Ndikupangirani ndi ka jingo komwe, mtengo wake data basi.

Wakuluchenza, 10 Disembala

Iwe wa ku Ndirande, wandiseketsa pa shifiti mpaka nesi wandiyang'ana. Koma sunawadziwe ababa. Mawa lake akapita kutchalitchi akafunsa mkulu wampingo kuti, "Munamva dzulo?" Akangoti ayi, ine ndathera pompo. Nkhani yonse yagona poti ena amve.

Agogo a ku Chileka, ndatsata malangizo anu, ndaimba foni m'mawa uno nditaweruka. Kuno inali 7 koloko kukadali mdima, kumudzi 9 koloko, ndinawapeza atangobwera kopalira chimanga cha kuseri (amakakamirabe khasu, tawaletsa tatopa). Ndinawafunsa kuti, "Ababa, jazi amene munkapempha uja anali uti?" Anakhala chete, ine n'kumaganiza kuti netiweki yathawa. Kenaka ndinangomva akuimba ndi pakamwa, pa pa paa, pa pa paa, osaphonya ngakhale pamodzi. Ndi ya Ellington yomwe ija. Ndinawauza za a Namoko, anati, "Namoko ndinkamuona ndi maso anga pamsika, amene uja sindifunika wailesi kuti ndimukumbuke." Ndiye mwaluza agogo, koma mwaluza mwaulemu.

Anandiuzanso chinthu chomwe sindinkachidziwa. Akuti jazi anayamba kumukonda chifukwa cha mbale ya galamafoni imene msuweni wawo anabwera nayo kuchokera ku Rhodesia, Skokiaan, ya August Musarurwa wa ku Bulawayo. Atadzamva kuti Louis Armstrong anaiimbanso nyimbo yomweyo mu 1954, anati basi, ndiye kuti anthu a malipenga a ku America aja ndi abale athu, tiyeni tiziwamvera. Zaka zonsezi ine ndinkayesa ankangofuna kuoneka ophunzira pamaso pa makapitawo a pa esiteti.

A Telala, Wambali ndimusunga ngati chothawirapo. Koma mtima uli pa sitima ya A ija.

Anachisale, 11 Disembala

Achimwene a ku Luchenza, ine ndinagwirapo ntchito youlutsa mawu pa wailesi ina ya m'dera kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndisanayambe za uphunzitsi, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mkati mwa situdiyo, chifukwa omvera amaganiza kuti timakana dala.

Pa 25 Disembala foni ya situdiyo imatentha ngati mbaula. Mauthenga amalowa mazanamazana, ena akuflasha kuti uwaimbire ndiwe, wina walemba mayina a anthu makumi atatu kuphatikiza mbuzi yake. Uli ndi ola limodzi, pakati pake pali malonda a sitolo zomwe zalipira, ndipo abwana anena kale kuti lero ndi Boney M, Jim Reeves ndi makwaya. Munthu akapempha nyimbo yoti mulibe mu kompyuta, sungayambe kuisaka uli pa mpweya. Umangowerenga moni n'kuika yomwe ili pafupi. Kale zinali zovutirapo, poti mbale ankachita kukazisaina ku laibulale tsiku lisanafike.

China, nyimbo yopanda mawu timaiopa. Ikalira masekondi makumi awiri popanda woimba, manja amayabwa kuti ulankhulepo, poganiza kuti omvera ayesa wailesi yawonongeka kapena kwagwa maliro a munthu wamkulu. N'chifukwa chake jazi kwathu amathera kukhala kapeti wa zidziwitso. Zimandiwawa kunena koma ndi mmene zilili.

Ndiye chitani izi. Tsiku la 25 lisiyeni. Sankhani usiku wa pa 24, anthu akudikira mapemphero kapena akusenda anyezi wa mawa, kapenanso pa 26 madzulo pomwe situdiyo imakhala zii. Funsani achemwali anu kuti bambo amatsegula wailesi iti, ndi muulutsi uti amene amamukonda, osati amene mumamukonda inu wa pa intaneti. Mulembereni muulutsiyo sabata ino, mwaulemu, mumutumizire nyimboyo kuti asavutike kuisaka. Yanu ija mwayi wake ndi yaifupi, mbale za nthawi imeneyo zinkangokwana mphindi zitatu ndi kanthu. Mumuuze nkhani ya positikhadi ya 1986 monga mwatiuzira ife. Muulutsi aliyense amafuna nkhani yoti anene, moni wouma tinatopa nawo. Ngati wailesiyo ili ndi mtengo wa uthenga wapadera, lipirani ku ofesi mulandire lisiti, musatumize ya fanta kwa munthu kumbali.

Uthengawo ukhale waufupi. Dzina la bambo, mudzi, mfumu yaikulu, ndi anthu osaposa asanu. Ndipo achemwali akhale ndi mabatire atsopano, chifukwa mwezi uno mphezi ikangong'anima magetsi amapita.

Gogo Babatoni, 12 Disembala

Ndavomera kuluza. Koma bambo akowo ngati ankamuonadi Namoko pamsika, uwauze kuti mkulu wina wa ku Chileka akuti moni. Uike dzina langa pa anthu asanu aja.

Wakuluchenza, 27 Disembala

Ndabwera kudzapereka lipoti, poti munandithandiza.

Ndinachita zonse monga ananenera Anachisale. Mlongo wanga anandiuza wailesi yake, ndinalembera muulutsi wa pologalamu ya usiku, mnyamata waulemu kwambiri, anayankha tsiku lomwelo kuti agogo akenso anali a pa esiteti. Tinagwirizana za pa 24, pakati pa 8 ndi 9 koloko usiku. Ndinalipira, lisiti ananditumizira chithunzi. Mlongo wanga anauza anthu a kutchalitchi, ababa anauza amfumu okha, mwamwambo, atavula chipewa.

Tsikulo ine ndinali pantchito. Nthawi ya 6 koloko kuno ndinabisala m'kachipinda kochapira zovala, foni imodzi ikulira wailesi ya pa intaneti, ina ya mnzanga wa ku Zimbabwe ndikuimbira mlongo wanga. Akuti ababa anasamba 5 koloko, anavala jekete lija, lomwe lija la m'sutikesi, n'kukhala pakhonde wailesi ili pamiyendo. Supersonic inafa kalekale, pano ali ndi kakang'ono ka ku China kokhala ndi tochi. Anthu anasonkhana ngati khumi ndi asanu, ana osawerenga.

Itangokwana 8:20 kumudzi mvula inayamba. Amene munakulira m'nyumba ya malata mukudziwa. Pa foni sindinkamvanso mlongo wanga, ndinkangomva ngati wina akukhuthula miyala m'chidebe. Onse anathawira m'nyumba, momwe phokoso lake ndiye linali loposa. 8:35 mnyamata uja anayamba: anatchula ababa, mudzi, mfumu, ananena za kalaliki yemwe anapempha nyimbo mu 1986 ndipo lero ailandira. Anawerenga mayina onse, ndi inu agogo a ku Chileka munamveka, ngakhale anakutchulani kuti Gogo Batani. Kenaka piyano ija. Ine m'kachipinda muja, pakati pa matawulo a anthu, misozi mbwe.

Anailola kulira mwina mphindi imodzi ndi theka. Lipenga litangoyamba kukoma, manja anamuyabwa monga munanenera Anachisale, analowapo n'kuyamba kuwerenga moni wa anthu a ku Bangula. Sindikumudandaula.

Nanga ababa anamva? Mlongo wanga akuti anakanikiza kawailesi kukhutu lamanzere, lomwe limamvako bwino, maso atatseka. Ena onse m'nyumbamo sanamve kanthu koma malata. Iwo anakweza chala. Akuti chinakhala m'mwamba mpaka anthu a ku Bangula atatha.

Mawa lake kutchalitchi, sewero la abusa ndi anzeru a kum'mawa litatha, anthu atatu anabwera kudzawagwira chanza kuti anamva, mmodzi wa tsidya lina la mtsinje komwe mvula sinafike. Amfumu sanamve, akuti anagona msanga, koma akazi awo anawafotokozera. Nditaimba masana ababa sananene zambiri. Anati mpunga unapsa bwino, nkhuku inali yokalamba. Kenaka anati, "Mnyamata uja wadula pomwe pamayambira nkhani. Umuuze kuti chaka chamawa ayambire pa lipenga."

Mfana wa Ndix, Bluetooth sipika ija ndiifunabe. Mlongo wanga akuti kuyambira dzulo akumuvutitsa kuti awaikire mbali yotsalayo.